Chitini Chachitatu cha Heliga

A Evance Namaona anabwera ku London kudzachotsetsa ng'ala m'maso, ndipo ng'alayo itachoka anayamba kuona zinthu zimene palibe anawapempha kuti aone. Anaona kuti mwana wawo Heliga wamera imvi, kuti pakona ya pabalaza ku Romford kuja khoma lachita nkhungu, komanso kuti mdzukulu wawo Atikonda, yemwe chibadwire ankamutcha mkazi wawo, ali ndi pathupi pa mwamuna wina.

"Ndiye wandithawa ukwati chifukwa cha kamnyamata ka ku Lusaka koyendetsa basi," ankatero akamuona akulowa. "Bwalya ali ndi chiyani chimene ine ndilibe?"

"Mano, agogo," ankayankha Atikonda. Chichewa ankachimva chonse, koma pochilankhula ankachita ngati akuponda pamakala, mawu awiri atatu n'kudumphira ku Chingerezi.

Kuno mwana amamujambula asanabadwe, ndiye aliyense ankadziwa kuti m'mimbamo muli mtsikana. Viza ya a Namaona inali kutha, mwana adzabadwa iwo ali kale ku Thyolo. Choncho banja linagwirizana kuti Lamlungu, potsazikana, ndi apongozi a ku Zambia ali pomwepo, nkhalambayo itchuliretu dzina. Kwathu sitichita zimenezo, mwana amayamba watuluka m'chikuta, koma a Namaona anati dziko limene dzuwa limalowa anthu asanaweruke kuntchito silingakhale ndi mwambo wowongoka. Dzinalo ndiye panalibe wofunsa. Linali Heliga, ngati agogo ake a mwanayo.

Heliga Namaona anali sisitala pa chipatala chachikulu cha ku Romford. Odwala achizungu akawerenga dzina pachifuwa pake ankamuyang'ana kumaso, n'kuyang'ananso pachifuwa, kenako n'kufunsa mwaulemu ngati bambo ake anali Mjeremani. Iye ankayankha mofanana nthawi zonse, mutu uli m'mwamba: ananditcha dzina la mkazi wolimba mtima wa mu kanema wa nkhondo, amene ankagwetsa asilikali ngati nthochi. Dzinalo analidalira ngati ndodo. Analigwira pamene mwamuna wake anamusiya ndi khanda ku Barking, analigwira pa mizere ya ku imigireshoni, ndipo manijala wina wa wodi amene anayesa kumukwera pamutu analimva kulemera kwake.

Nkhani ya kanemayo inayambira pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, dziko lisanalandire ufulu. Loweruka madzulo ankapachika nsalu yoyera pakhoma la fakitale, n'kuliza jenereta, othyola tiyi n'kukhala pa udzu ndi ana awo. Kanema ankabwera m'zitini zophwatalala pa lole yochokera ku Limbe. Woyendetsa makina anali Mubanga, Mbemba wosaseka, ndipo womasulira anali Evance, mnyamata wa pakamwa pothwa amene sukulu anaisiyira Sitandade 3. Ankaima pambali pa nsalu ndi chofuulira cha malata n'kumauza anthu zimene azungu a pakhomawo akunena.

Tinene zoona, Chingerezi cha Evance nthawi imeneyo chinali chokwana m'thumba la malaya. Koma ntchito ya womasulira baisikopo siyofuna Chingerezi, ndiyofuna maso. Mzungu akakwinya nkhope, Evance ankati, "Ndani wamwa kachasu wanga?" Mkulu wa asilikali akaloza pa mapu, Evance ankati, "Mawa tithyola kuyambira apa mpaka kumtsinje, wobweretsa masamba okhwima ndimudula tikiti." Anthu ankaseka mpaka kugona chagada. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma pa esiteti paja za m'maluwazo ndi zimene anthu ankadzera.

Chaka china mvula inakokolola mlatho wa pamsewu wa ku Limbe, lole itangosiya zitini ziwiri za kanema wa nkhondo. Dzinja lonse anaonera kanema yemweyo Loweruka lililonse, ndipo palibe anadandaula, chifukwa munali Heliga. Anali mkazi wa tsitsi loyera ndi kachipewa kopendekeka, wa m'gulu la anthu a m'mudzi obisala m'nkhalango pomenyana ndi asilikali olanda dziko lawo. Anthu a ku Thyolo anali asanaonepo mkazi wachizungu atanyamula chinthu cholemera kuposa kapu ya tiyi. Uyu ankaphwanyira msilikali mpando pamutu, wina kumugubuduza pa masitepe, kenako kukwera kumbuyo kwa lole ikuthamanga n'kumaomba mfuti tsitsi likuuluka. Chitini chachiwiri chinkathera pa mlatho: Heliga ataima yekha, mfuti paphewa, akumwetulira. Filimu inkakupiza m'makina, nsalu n'kuyera mbee, Evance n'kunena kuti, "Wapambana. Kagoneni, mawa kutchalitchi."

Panali kapitawo wina amene manja ake sankakhazikika akamayeza madengu a atsikana. Dzinja lomwelo amayi anamuzungulira pakati pa munda n'kumukwapula ndi madengu opanda kanthu, akuimba dzina la Heliga, mpaka anathawa kusiya nsapato imodzi. Amene anayamba kuponya dengu anali Esinati, wamfupi, wa mpata kumano. Evance anamukwatira mvula itatha, poganiza kuti mkazi wotere ndi bwino akhale kumbali yako. Mwana wawo woyamba dzina analipeza likumudikira.

Esinati anatisiya kalekale, esiteti inagulitsidwa, fakitale ija mukukhala mileme. Koma a Namaona ankafotokozabe kanemayo pa Khirisimasi iliyonse, mpaka Atikonda anauloweza osauonapo. Ndiye tsiku lina anabwera ndi foni m'manja, maso akuwala. Anali atafufuza ndi zomwe agogo ake ankanena, mlatho, lole, kachipewa, dzina, ndipo anapeza kuti kagulu ka okalamba okonda akanema akale ku Croydon kaonetsa kanema yemweyo Lachinayi masana. Nkhani yake anakana kuiwerenga, anati akufuna akaione ndi maso monga anaionera agogo ake aakazi.

A Namaona anavala suti ya ukwati wa Atikonda ndi taye. Heliga anali atangoweruka naiti, maso ali psuu, koma anati ngakhale amunyamule pa machira apita.

"Croydon ine ndimangoidziwa ndi mapepala a ku imigireshoni," anatero mu sitima. "Ndikangomva dzinalo ndimakumbuka mizere ija."

"Lero mukaonako mnzanu wa dzina, mayi," anatero bambo ake. "Ameneyo sankaima pa mzere."

Holo yake inali yaing'ono, yofunda, yonunkhira makapeti akale. Munali azungu a mitu yoyera, aliyense ndi kapu yake ya tiyi, mwina wa ku Thyolo komweko. Magetsi atazima, onse anangoti zii. A Namaona anayang'ana uku ndi uku.

"Kodi wamwalira ndani?" ananong'oneza.

"Agogo, shh."

"Ndiye womasulira ali kuti?"

"Amamva okha, ababa," anatero Heliga.

"Amamva mawu. Nkhani ndiye sangaimve."

Kenako nyimbo inayamba, ndipo nkhalambayo inaiwala kuti ili ku Croydon. Ndi maso atsopanowa anaona zimene nsalu ya pafakitale inkabisa: mabatani a jekete la Heliga, kachipsera pachibwano, mpweya wotuluka m'kamwa chifukwa cha kuzizira. Anamva fungo la dizilo wa jenereta ndi la udzu wonyowa. Anamva chifuwa cha Mubanga. Kumanzere kwawo, kumene kunkakhala amayi, anamva kuseka kwa Esinati kuja kokhala ngati nkhanga yadzidzimuka. Milomo inayamba yokha.

"Ndani wamwa kachasu wanga?" anatero a Namaona, mkulu wa asilikali atakwinya nkhope.

Heliga anaseka m'mphuno. Mayi wina wa kutsogolo anatembenuka n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi. A Namaona anamuweramira mwaulemu n'kutsitsa mawu, koma sanasiye. Mpando utasweka pamutu pa msilikali anati, "Kalipentala ali ndi ntchito mawa." Wina uja akugubuduka pa masitepe anamuwerengera mayina a makolo ake. Panali kamkazi kena mu gulu la m'nkhalango, kofatsa, kongokhalira kuphika ndi kutsuka, kamene ku Thyolo ankakatcha Nachisale wa mapoto. Katangoonekera, a Namaona anakapatsa moni ngati mnansi: "Mukadali moyo, Nachisale? Ndiwo zapsa?"

Lole isanafike n'komwe, anamva kulemera paphewa. Heliga anali atagona, kukamwa kuli pululu, chikwama atachikumbatira. Anafuna kumugwedeza, koma anayang'ana imvi zija n'kumuleka. Mbali imeneyi mwanayo ankaidziwa kale ngati pemphero.

Mlatho unafika. Heliga wa pakhoma anaima yekha, mfuti paphewa, n'kumwetulira. A Namaona anapuma mozama, anapukuta m'maso, n'kuyamba kufufuza chipewa chawo pansi pa mpando.

"Wapambana," ananong'oneza. "Tiyeni."

"Siinathe, agogo," anatero Atikonda.

Anadzutsa mutu. Nsalu sinayere. Mkazi uja anali akumwetulirabe, ndipo tsopano zinaoneka kuti sankamwetulira anthu a ku Thyolo. Kutsidya kwa mlatho kunkabwera galimoto yakuda. Inaima, chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka mkulu wa asilikali yemwe uja, wa kachasu. Heliga anamupatsa mfuti, mkuluyo anamupatsa ndudu n'kumuyatsira.

Pamenepo m'pamene a Namaona anazindikira kuti lole ya ku Limbe inasiya zitini ziwiri pa zitatu.

Chingerezi chawo chinali chitakulako m'zaka zonsezi, mwatsoka. Anamva zokwanira. Mkaziyo anali mthirakuwiri, kazitape wa adani. Asilikali amene ankawaphwanyira mipando anali nyambo chabe, kuti a m'nkhalango amukhulupirire. Anamuona akukwera galimoto ija, akunong'oneza mkuluyo kukhutu, akutsogolera asilikali ku tchalitchi kumene anzake anabisala m'chipinda chapansi. Anamuona akuloza chitseko ndi chala chomwe chija chinkakoka mfuti pa lole. Anthu anatulutsidwa manja ali m'mwamba. Ndipo pamapeto, pabwalo la tchalitchi, amene anatulukira kuseri kwa chitsime ndi mfuti m'manja onjenjemera anali Nachisale wa mapoto. Anaomba kamodzi. Kachipewa kanagwera m'matope.

Azungu anaomba m'manja pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa mwana.

A Namaona sanaombe nawo. Sanaganize za azungu a pakhomawo, amenewo anadya kale malipiro awo n'kumwalira. Anaganiza za Lamlungu. Adzaima bwanji pamaso pa apongozi n'kupatsa mwana wosabadwa dzina la munthu wogulitsa anzake? Nanga akalikana, adzati chiyani kwa uyu wagona paphewayu, amene waliyendera dzinalo moyo wake wonse? Anayang'ana kumbali. Atikonda anali akuwayang'ana kale, dzanja lili pamimba.

"Sorry, agogo," anatero.

"Usandipepese, sindinaferedwe."

Magetsi anayaka. Heliga anadzidzimuka, anapukuta pakamwa, n'kuyang'ana mayina akukwera pakhoma.

"Ayi, ayi. Ndagona? Bwanji osandidzutsa? Ndinalekezera pa masitepe. Zatha bwanji?"

"Tikambirana mu sitima, mayi," anatero bambo ake. "Muno salola kulankhula."

Kuchokera pa holo kukafika pa siteshoni ya East Croydon si patali, koma a Namaona anayenda ngati mwendo wagwira nyamakazi. Ankafuna nthawi. Kunja kunali kutayamba kale kuda, tiramu ikulira belu, anthu akuthamangira kwawo makosi ali m'majekete. Bodza lamkunkhuniza ankalidziwa kuti silikhalitsa, ndipo mwana wawo anali nesi, wozolowera odwala onama kuti amwa mankhwala. Koma lamulo la ntchito yawo yakale ankalikumbukira. Womasulira sasintha chithunzi. Chimene anthu aona, aona. Iwe umangowauza zimene zikunenedwa.

Anapeza mipando yoyang'anizana. Heliga anavula nsapato imodzi n'kutambasula phazi.

"Eya, ababa. Pa mlatho paja ndi pomwe inathera?"

"Ayi. Kunali chitini chachitatu. Mubanga anatibera."

"Zoona?" Heliga anakhala tsonga ngati kamtsikana. "Ndiye?"

A Namaona anakonza taye, anatsokomola, n'kukweza dzanja pakamwa ngati agwira chofuulira cha malata.

"Ali pa mlatho paja, kukubwera galimoto yakuda. Akutuluka ndani? Bwana wa kachasu. Heliga akuti, bwana, mfuti iyi yandilemera, tandigwirireni. Chitsirucho chikulandira. Sichikudziwa kuti mkazi akakupatsa katundu wake kuti umunyamulire, ukapolo wayamba. Chikumupatsa ndudu. Iye akuti, yatsaninso, manja anga ndi a ntchito zina."

Heliga anaseka. Atikonda ankayang'ana pawindo, kumene kunalibe choona koma nkhope yake yomwe.

"Akukwera galimoto. Akumunong'oneza kukhutu: bwana, anthu mukuwafunawo ndikuonetsani, koma mubwere nonse, musasiye ndi mmodzi yemwe ku kampu, ngakhale wophika. Bwana akuti, yes, yes. Asilikali onse piringupiringu kulowera ku tchalitchi. Kampu yatsala yokha, zitseko pululu, akaidi akungotuluka ngati ana a sukulu."

"Zimenezo anaonetsa?"

"Kanema saonetsa zonse, mayi, filimu inali yodula. Wanzeru amaona yekha. Ndiye afika pa tchalitchi. Heliga akuloza chitseko cha pansi. Akutuluka anzake aja, manja m'mwamba."

"Anawapereka?" Nkhope ya Heliga inasintha.

A Namaona anakonzanso taye. Sitima inalowa pa mlatho wa mtsinje, magetsi a mzinda akuvina m'madzi.

"Mwaiwala kuti ndi m'tchalitchi? Munthu wotuluka m'tchalitchi manja ali m'mwamba ndiye kuti akutani? Akuyamika. Akudziwa kuti mapulani atheka. Asilikali onse aunjikana pabwalo limodzi ngati chimanga pa mphasa, ndipo kuseri kwa chitsime kwabisala mfuti."

"Ya ndani?"

"Nachisale wa mapoto."

"Ayi, ababa. Kamayi kaja?"

"Komweko. Ofatsa ndi amene amaotcha nyumba. Koma manja ozolowera chipande, mfuti ikunjenjemera. Akufuna bwana wa kachasu. Heliga akuona kuti mnzakeyo akachedwa amuona, ndiye akutembenuka kuti asilikali ayang'ane iye. Mfuti ikulira."

Anasiya pomwepo. Womasulira wabwino amadziwa poti atseke pakamwa.

"Anafa?" anafunsa Heliga motsitsa.

"Anafa, mayi. Kachipewa kanagwera m'matope."

Sitima inaima n'kunyamukanso. Heliga anatulutsa tishu m'chikwama n'kupukuta mphuno.

"Bola amayi sanaone chitini chimenecho," anatero. "Akanalira sabata yonse."

"Akanaswa makina a Mubanga."

Kenako Heliga anapinda maso, kuyang'ana bambo ake mmene amayang'anira wodwala wobisa ndudu pansi pa pilo. Anatembenukira kwa mwana wake.

"Ati, zoona zimenezi? Agogo akowa ndimawadziwa, pakamwa pawo anapaka mafuta. Iwe unali maso. Zinatha choncho?"

A Namaona anayang'ana nsapato zawo. Apa panalibe chofuulira chimene chikanawathandiza. Mwana ndi wa Atikonda, kanema wamuona yekha ndi maso ake, ndipo ana obadwira kuno amaphunzitsidwa kunena zoona ngakhale pamaliro. Atikonda anasisita mimba yake, n'kuyang'ana amayi ake: yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete, phazi lotupa lili pa mpando.

"Aiwala chimodzi," anatero, m'Chichewa, akuponda mawu amodziamodzi. "Asanagwe, anamumenya mbama bwana uja. Yamphamvu. Chipewa chake nayenso chinagwa."

Mbama imeneyo mu kanema munalibe. A Namaona anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Eya, mbama," anatero. "Ukalamba ndi matenda. Inamveka mpaka kumbuyo kwa holo."

"Ndinadziwa," anatero Heliga, akumenya chikwama. "Sakanangopita chimanjamanja ameneyo. Tandipezera pa foni, Ati, ndikaonere ndekha mawa ndikadzuka."

Atikonda anatulutsa foni. Chala chinayenda m'mwamba, m'munsi, m'mwambanso, nkhope ili yozama ngati ya kalaliki wa ku imigireshoni. Kuchokera pomwe anakhala, maso atsopano a agogo ake ankaona bwinobwino kuti akuyang'ana mitengo ya matewera.

"Palibe, mami. Ndi yakale kwambiri. Sanaiikepo."

"Azungu nawonso. Zopusa zonse amaika."

Heliga anatsamira pawindo, ndipo posakhalitsa mpweya wake unayamba kutalika. A Namaona anadikira mpaka kukamwa kutatseguka. Kenako anaweramira kwa mdzukulu wawo.

"Iwe mkazi wanga. Waona wekha. Mayina ndili nawo ambiri, ena sanagwirepo ntchito. Lamlungu nditchule liti?"

"Lomwe lija."

"Ndi dzina la mthirakuwiri."

"Wa mu filimu ndi wa azungu, agogo. Asunge." Analoza amayi ake ndi chibwano. "Ine ndikufuna la awa. Mulitchule mokweza, apongozi anga amavutika kumva."

Nkhalambayo inavomera ndi mutu. Mawu a mu sitima analengeza siteshoni ya Farringdon. Atikonda anadzuka mogwira msana, anatola nsapato ya amayi ake pansi, n'kuwagwedeza phewa kuti avale asinthe sitima.